Tisanasalaze migula yakale tiyambe taifunsa kaye

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga mu nyuzi yanu ndinenepo za chinthu chomwe chakhala chikundiwawa mumtima kwa miyezi ingapo tsopano, ndipo ndikudziwa ena aona ngati ndi nkhani yaing'ono poti ndi nkhani ya dothi basi. Ndikunena za migula yakale ija, mizere ya dothi yotukuka yomwe imadutsa mminda, mthengo ndi mmbali mwa mapiri, pena pamakhala ngalande yokwiririka pambali pake, pena pamangotsala kamtunda kakang'ono koti umangokamva ndi phazi ukamayenda. Tonsefe tinaidumphapo. Koma ndi angati tinaimapo nkufunsa kuti kodi anauwunda ndani mgula umenewu, nanga ankafuna kutchinga chani?

Ine ndinagwira ntchito zaka zambiri ndi anthu opima malo, ndinali wogwira ndodo ndi kukoka tepi, nde moyo wanga wambiri ndautha ndikuyang'ana pansi. Kumeneko nkomwe ndinayambira kuikonda migula imeneyi mpaka ndinayamba kufunafuna zowerenga za iyo. Panali umodzi womwe ndinkaudziwa ngati chikhatho changa, unali mmphepete mwa kankhalango pamalo otsetsereka pang'ono, wotakata mapazi anayi kapena asanu a munthu wamkulu koma msinkhu wake wongofika mmaondo, ndipo sunali wowongoka ayi unkapita mokhotakhota ngati ukulambalala zinthu zina zomwe lero kulibe. Pamwamba pake panali zitsa zakalekale, chitsa chimodzi mphukira khumi, kusonyeza kuti mitengoyo inadulidwa nkuphukanso kambirimbiri. Ngalande yake inali mbali ya kunja, kotalikira nkhalango. Tsiku lina mmawa ndikudutsa ndinangomva chimakina chikulira, kufika pafupi ndapeza katapila wadya kale theka la mgulawo, akuti akusalaza malo. Wa pa chiwongoleroyo sanali munthu woipa, anangotumidwa, ndipo nditamupempha anaimitsa kanthawi kuti ndione pomwe anadula.

A Mkonzi, zomwe ndinaona pa chodulacho ndi zomwe zandilembetsa kalatayi. Ndinagwada nkupala ndi kamtengo kuti pakhale poyera. Pansi penipeni panali dothi lofiira lolimba lomwe silinakhudzidwepo ndi khasu. Pamwamba pake panadutsa kamzere kakuda kopyapyala ngati chala ziwiri, kameneko kanali nthaka yapamwamba yakale, pomwe anthu aja ankaponda mgula usanaundidwe, udzu wa tsiku limenelo unaolera pompo. Kenaka pamwamba pa kamzereko panali dothi lakuda losakanikira, pamwamba pakenso lofiira la timiyala. Taonani, lakuda pansi lofiira pamwamba, dothi lazondoka, chifukwa wokumba ngalande amayamba kutaya lapamwamba kenaka akamatsika nkumaponya lapansi pamwamba pa linzake. Pambali ngalande ija yomwe pamtunda inkangooneka ngati kachidikha inaoneka thupi lake lonse, yakuya mpaka mchiuno, yodzaza ndi dothi lofewa lotuwa. Ndipo mu kamzere kakuda kaja ndinatolamo kaphale kamodzi kokhala ndi timizere tojambula mmilomo. Ndinajambula ndi foni zithunzi zitatu, makina anayambanso kulira, dzuwa lisanafike pamutu panali see ngati bwalo.

Sindikunena kuti malo asagwiritsidwe ntchito ayi, anthu ayenera kulima ndi kumanga. Chomwe ndikudandaula nchakuti timafafaniza umboni tisanauwerenge, nde mawa lake anthu omwewo akukangana za malire opanda chogwira. Komanso mbali inayi kuli anthu ena oti akangoona chulu chotalika basi ati linga la nkhondo, ati munabisidwa chuma, nkuyamba kukumbakumba usiku. Onsewa vuto lawo ndi limodzi, sanaufunse mgulawo, pomwe mgula uli ndi kafunsidwe kake ndipo umayankha ndithu.

Funso loyamba ndi lophweka moti mwana atha kulifunsa, dothi ili linachokera kuti? Munthu sanyamula dothi mtunda wautali ngati pali pokumba pafupi, nde pafupifupi mgula ulionse woundidwa ndi manja uli ndi ngalande yake olo itakwiririka bwanji. Ukaipeza ngalandeyo wadziwa mbali yomwe eniake ankaiopa, chifukwa chinthu chobwera chikakumana ndi ngalande kaye kenaka mtunda chimavutika kukwera, pomwe chochokera mbali inayo chimangodumpha. Ku England nkhaniyi anaifufuza kwambiri, makamaka malemu Oliver Rackham wa ku Cambridge yemwe anamwalira mu 2015, iye anathera moyo wake akuyenda mu nkhalango zakale za kumeneko. Anthu a kumeneko kale ankadula mitengo chapansi kuti iphukenso azidzadulanso pakapita zaka zingapo, nde mdani wamkulu anali ng'ombe ndi nkhosa zodya mphukira. Choncho mgula wa nkhalango ngalande yake imakhala kunja kuti ziweto zisalowe. Koma malo omwe mafumu ndi anthu olemera ankasungiramo agwape osaka, ngalande imakhala mkati, poti cholinga chinali choti nyama zisatuluke, ndipo pena ankasiya dala pamalo poti gwape wakunja atha kudumphira mkati koma osabwereranso. Migula iwiri yofanana maonekedwe, ntchito zosemphana, ndipo chosiyanitsa ndi mbali ya ngalande basi. Rackham yemweyo anaonanso kuti migula ya nkhalango yakale kwambiri imakhala yotakata ndi yokhotakhota pomwe ya zaka za mma 1800 ndi yopyapyala, yosongoka ndi yowongoka ngati anakoka chingwe. Uja wanga uja ngalande kunja, zitsa pamwamba, ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti unali wotchinjiriza mitengo ku ziweto.

Nde funso lomwelo limagwiranso pa zinthu zikuluzikulu. Pakati pa England ndi Wales pali chimgula chotchedwa Offa's Dyke, chomwe amachigwirizanitsa ndi Offa mfumu ya Mercia, ufumu wina wakale wa mu England, yemwe analamulira kuchokera 757 mpaka 796, mmalo ena kutakata kwake pamodzi ndi ngalande kumafika mamita 20. Ngalande yake ili mbali ya kumadzulo, ya ku Wales, ndipo anachiyendetsa mmalo oti ukaima pamwamba umaona bwino kumadzuloko, apo palibe kukaika kuti omanga anali a kummawa ndipo ankayang'anitsitsa anansi awo. Koma pitani ku Avebury kummwera kwa England komwe kuli chibwalo chozungulira cha zaka zoposa 4,000, ngalande yake anaikumba yakuya pafupifupi mamita 9 ndi nyanga za agwape, koma ili mkati, mgula kunja. Tsono munthu wofuna kudziteteza angapatse mdani pokwera kuti azimuponyera miyala ali pansi? Ndi chifukwa chake akatswiri amati sanali malo a nkhondo koma osonkhanirapo pa miyambo yawo. Ukulu wa chinthu sutiuza ntchito yake.

Pali mfundo ina yomwe ndimaikonda kwambiri chifukwa imakhudza milandu ya malire mwachindunji. Mu malamulo a ku England, ngati minda iwiri yalekana ndi mgula wokhala ndi mpanda wa mitengo komanso ngalande, ndipo palibe pepala lonena mwina, khoti limatenga kuti malire ali mmphepete mwa ngalande mbali ya kutali ndi mgulawo, osati pamwamba pa mgula ngati mmene ambiri amaganizira. Woweruza wina anafotokoza chifukwa chake mu 1810 ndipo khoti lalikulu la kumeneko linatsimikizanso mu 1999. Nzeru yake ndi iyi, munthu sangakumbe mmunda mwa mnzake, nde amakumba ngalande kumapeto kwenikweni kwa malo ake, dothilo sangataire kwa mnzake amataira kwake, nkubzala mpanda pamwamba pake. Ndiye kuti mgula ndi ngalande zonse ndi za munthu mmodzi. Lamulolo ndi lawo, silingangotengedwa nkukaika kwina, koma kaganizidweko ndi kothandiza kulikonse, kuti ukafuna kumvetsa malire akale dziike mmalo mwa munthu yemwe anagwira khasu tsiku limenelo, anaima pati, dothi ankaponyera kuti, ankaopa kulakwira ndani. Ine pa ntchito yanga ndinaonapo anthu akulozerana zala pa kamalo kosakwana mapazi atatu, wina akuti pamwamba wina akuti mngalande, bikoni itazulidwa kalekale, ndipo chotsala chokha cholankhula chinali dothilo.

Komanso tisafulumire, si mgula ulionse unaundidwa dala. Pamalo otsetsereka ukamalima chaka ndi chaka dothi limatsika pang'onopang'ono ndi khasu komanso mvula, likafika pa mpanda kapena pa mzere wa udzu kumunsi kwa munda limaima nkumaunjikana, pomwe kumunsi kwa mpandawo mwini munda winayo naye akudya dothi kulitsitsa kwake. Pakapita mibadwo pamabadwa chisitepe, pena chotalika kuposa munthu, popanda yemwe anati lero timange. Mpanda uja unaola kalekale koma sitepe ilipo. Mungachizindikire chifukwa chilibe ngalande, chili ndi nkhope imodzi yoyang'ana kumunsi, ndipo kumtunda kwake nthaka imakhala yakuya ndi yachonde. Chotere chimakuuza zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti malire anali apa, ndiponso kuti anakhala apa nthawi yaitali kwambiri osasuntha. Njira zakale nazonso zimapusitsa, mapazi a anthu ndi ziboda za ng'ombe zimafewetsa dothi madzi nkumakokolola mpaka njira kulowa pansi, mmbali nkumaoneka ngati migula iwiri, munthu nkumati ngalande ya nkhondo pomwe ndi mseu chabe.

Chitsanzo chomwe chinanditsegula maso ndi cha mizere ikuluikulu yomwe imaoneka mmalo odyetsera ziweto pakati pa England, ukaiona pa chithunzi imakhala ngati malata oyalidwa pansi. Imeneyo inabwera ndi pulawo ya ng'ombe ya zaka mazana apitawo, yomwe inkatembenuzira dothi mbali imodzi yokha, kumanja, nde mlimi akamapita nkubwerera mozungulira kagawo kake dothi limaunjikana pakati chaka ndi chaka. Chosangalatsa nchakuti yakale kwambiri siyowongoka, imapindika kumapeto ngati chilembo cha S chotembenuza, chifukwa ng'ombe zinkakhala zambiri pa goli mpaka zisanu ndi zitatu, mzere wautali chonchi sungakhote pamalo amodzi, nde mlimi ankayamba kuzikhotetsa asanafike kumapeto. Kukhota kwa ng'ombe zomwe zinafa zaka 700 zapitazo kukuonekabe mu dothi lero! Ndipo pomwe zinkatembenukira pulawo inkasiya dothi mpaka panatukuka kamgula kopingasa. Pambuyo pake mma 1700 ndi mma 1800 minda ya onse ija inagawidwa kwa anthu paokhapaokha ndi malamulo a nyumba ya malamulo, opima malo anabwera nkujambula mipanda yowongoka yomwe imangodula mizere yakale ija pakati osaisamala. Mudzi wa Laxton ku Nottinghamshire ndi womwe unatsala ukulimabe mwa dongosolo lakale lija mpaka pano.

Apa ndafika pa funso lachiwiri, chadula chinzake ndi chiti? Chodula ndi chatsopano, chodulidwa ndi chakale, basi. Mpanda ukadutsa pamwamba pa mizere, mizere inalipo kale. Mgula ukakhota kulambalala chitsime kapena manda, ndiye kuti chitsimecho chinayamba ndicho. Migula ing'onoing'ono ikamathera pa umodzi waukulu osaudumpha, waukuluwo ndi kholo. Ndi maso okha utha kuika zinthu mu ndondomeko yake olo usadziwe chaka. Chaka chenicheni ndiye chovuta ndipo apa mpomwe anthu amagwa. Kaphale kanga kaja kanali pansi pa mgula, nde kakungondiuza kuti mgula unaundidwa phalelo litasweka kale, kaya patapita sabata kaya zaka 300, sikanena. Makala omwe amapita nawo ku labu kukayeza ndi njira ya radiocarbon nawonso ndi chimodzimodzi, amakuuza nthawi yomwe mtengo unafa osati tsiku lomwe munthu anagwira khasu. Ku Offa's Dyke kuja mu 2013 mwini malo wina anagumula chigawo cha mamita pafupifupi 45 pafupi ndi Chirk, akatswiri atabwera kudzafufuza pomwe panaonongekapo zoyeza zina zinatuluka zakale kuposa nthawi ya Offa, zina zapambuyo pake, mpaka lero akukambiranabe ngati chimgulacho chinamangidwa ndi mfumu imodzi kapena ndi ntchito ya mibadwo ingapo. Ndipo munthu woyamba kulemba kuti anamanga ndi Offa, wansembe Asser, analemba mu 893, Offa atamwalira pafupifupi zaka 100.

Zoti ngalande imakwiririka msanga bwanji anachita kuyesa dala. Mu 1960 pa Overton Down ku Wiltshire akatswiri anakumba ngalande nkuunda mgula watsopano, nkukwiriramo tinthu tosiyanasiyana, ndi pangano loti azidzadula kuona pakapita zaka 2, 4, 8, 16, 32, 64 mpaka 128, ntchito yoti oyambitsa sadzaona mapeto ake. Anapeza kuti zaka zoyambirira zenizenizo mmbali mwa ngalande mumagumuka mwachangu kenaka udzu ukamera zimadekha. Tanthauzo lake nlakuti mgula wooneka wokalamba utha kukhala wa agogo athu chabe, ndipo wa zaka chikwi utha kuoneka chimodzimodzi.

Wina asaganize kuti izi ndi za ku Ulaya kokha, ndatchula kumeneko poti nkomwe analemba kwambiri. Migula ikuluikulu kuposa yonseyi ili ku Nigeria. Kwa a Ijebu kummwera chakumadzulo kwa dzikolo kuli Sungbo's Eredo, ngalande ndi mgula zozungulira mtunda woposa makilomita 160, mmalo ena kuchokera pansi pa ngalande kufika pamwamba ndi mamita pafupifupi 20, zonse zokumba ndi manja, zobisika mu nkhalango moti dziko lakunja linayamba kumva za izo kwambiri mu 1999 kudzera mu ntchito ya katswiri wa zofukula zakale Patrick Darling. Poyamba ankati ndi za zaka pafupifupi 1,000, kufukula kwa pambuyo pake kunabweretsa zaka za chamma 1400, mwaona mmene chaka chimasunthira umboni ukachuluka. Kuzungulira Benin City nakonso kuli migula yambirimbiri yolumikizana ngati ukonde, Darling yemweyo anayerekeza kuti yonse pamodzi ingakwane makilomita 16,000. Ya pakati pa mzinda ndi yaikulu yoopsa, koma yambiri ya kumidzi inali malire a midzi ndi minda yake, mudzi ukakula nkuonjezera khola lina pambali, nde ukatsatira kuti uwu watsamira pa uti umaona mmene midzi inkaberekerana. Lero zigawo zambiri zikutha, anthu akutapa dothi lomangira, kwina ngalande yasanduka dzala. Zimenezi zimandipweteka ngati za uja wanga.

Tsono za kukokomeza zija ndinenepo mosabisa. Ku mapiri a Nyanga kummawa kwa Zimbabwe kuli masitepe a miyala osawerengeka mmbali mwa mapiri, ngalande zamadzi ndi mizere ikuluikulu mmadambo. Azungu oyamba kuziona ambiri anakana kuti munthu wakuda angapange zimenezo, ankafunafuna anthu akunja oti awapatse ulemuwo. David Randall-MacIver atafufuza mu 1905 ananena poyera kuti ndi ntchito ya anthu a mu Africa momwemo, ndipo kafukufuku wa Robert Soper mma 1990 anaonetsa kuti anali alimi ndi oweta ng'ombe a zaka mazana angapo apitawa, omwe ankachotsa miyala mmunda nkuisanja kuti nthaka isathawe. Kwa ine chimenecho nchachikulu kuposa nthano ya chuma chobisika, anthu wamba kugonjetsa phiri ndi manja kuti ana adye. Ku Engaruka ku Tanzania nakonso mizere ya miyala yomwe ena ankaiyesa mabwinja a mzinda wodabwitsa inapezeka kuti yambiri ndi malire a timinda tothirira ndi ngalande zake. Ndipo ku India kunali mzere wa makilomita pafupifupi 4,000 womwe aboma la atsamunda a Britain anakhazikitsa, mbali ina unali mpanda wa minga wobzalidwa, kwina pamwamba pa mgula, cholinga sichinali nkhondo koma kugwira ozembetsa mchere osalipira msonkho. Unasiyidwa mu 1879, ndipo pasanathe zaka zambiri unaiwalika moti Mngelezi wina, Roy Moxham, anachita kuusakasaka zaka zingapo mpaka anapeza kachigawo ka mgula wake mu 1998. Chinthu chachikulu chonchija kuiwalika mmibadwo itatu inayi, nanga kamgula ka kumapeto kwa munda?

Kuona migula yofufutika kumafuna nthawi yake. Masana dzuwa lili paliombo suona kanthu, pita mmamawa kapena madzulo dzuwa litapendeka, kamtunda kosakwana chikhatho kamaponya mthunzi wautali nde mzere wonse umangotulukira. Udzu ukakhala waufupi kapena utapsa ndi bwinonso. Mvula ikangokata madzi amaima mu ngalande zakale nkujambula okha mapu. Nthawi ya chilala mbewu za pamwamba pa ngalande yokwiririka zimakhala zobiriwira nthawi yaitali chifukwa pansipo pali dothi lakuya losunga chinyontho, pomwe za pamwamba pa miyala zimafota msanga. O.G.S. Crawford, yemwe anali woyang'ana pansi ali mu ndege pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndi mmodzi mwa omwe anayambitsa kugwiritsa ntchito zithunzi za mmwamba pa zimenezi mma 1920. Pa chilala cha 2018 ku Ireland anthu ouluza drone pafupi ndi Newgrange anaona chibwalo chachikulu chozungulira chitajambulika mu mbewu pamunda womwe unkalimidwa chaka ndi chaka popanda wodziwa. Pano kuli LiDAR, makina a mu ndege owombera kuwala pansi nkuyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka olo pansi pa mitengo, ku Caracol ku Belize mu 2009 anaulukira dera la masikweya kilomita 200 mmasiku ochepa nkupeza masitepe a minda ya a Maya, anthu akale a kumeneko, paliponse pansi pa nkhalango. Koma olo makinawa sakuuza kuti ichi nchani, amangokuuza kuti apa patukuka, pamafunikabe munthu apite ndi mapazi akaone ngati ndi mgula wakale, paipi ya madzi ya chaka chatha kapena migula yoteteza nthaka yomwe alangizi analimbikitsa. Yotetezayi imadziwika poti imatsata mlingo umodzi mmbali mwa phiri osakwera osatsika, ndipo imabwera ingapo motalikirana mofanana, pomwe ya malire sichita manyazi kukwera chitunda molunjika.

Ndipo si nkhani ya ophunzira okha. Ku Céide Fields kumadzulo kwa Ireland yemwe anayamba kuzindikira anali mphunzitsi wa kumudzi, Patrick Caulfield, mma 1930, akudula dothi lakuda la mdambo lomwe amaumitsa nkusonkhera moto, anaona miyala pansi pake itasanjika mwadongosolo nkuganiza kuti ngati ili pansi pa dambo ndiye kuti inaikidwa dambolo lisanakule. Mwana wake Seamus anadzaphunzira za zofukula zakale, anabwerera nkumabaya pansi ndi zitsulo zazitali mpaka anajambula mipanda ya minda yomwe ambiri amati yadutsa zaka 5,000. Zinayamba ndi munthu mmodzi kuima nkufunsa. Akuluakulu a mdera nawonso afunsidwe, dzina lomwe amautcha mgula, nkhani yomwe anamva kwa makolo awo, zonsezo zilembedwe mmene anenera. Pena nkhaniyo imagwirizana ndi dothi pena ayi, poti anthu amakonda kupachika chinthu chachikulu pa dzina la munthu wotchuka, koma nayonso ndi umboni, uiike pambali pa unzake nkuona pomwe zikukumana.

Nde pempho langa kudzera mwa inu a Mkonzi silovuta ndipo silifuna ndalama. Munthu ukafuna kusalaza malo pomwe pali mgula woti sunauunde ndiwe, tenga tsiku limodzi lokha. Uyende nawo kuchokera pomwe wayambira mpaka pothera, uwerenge mapazi, ulembe mbali yomwe kuli ngalande, ujambule ndi foni madzulo wina ataima pambali kuti msinkhu udziwike, foni yomweyo imasunganso malo pa mapu. Uitane oyandikana nawo aone udakalipo chifukwa mawa ndi iwowo mudzakangane nawo. Ngati nkotheka siyako kachigawo olo mapazi khumi, makamaka pa ngodya kapena pomwe migula iwiri yakumana poti pamenepo mpomwe pali nkhani yambiri. Ukapeza mapale kapena makala pansi pake usakumbe kufunafuna zina, dziwitsa oyang'anira zinthu zakale, chinthu chikachotsedwa pamalo pake theka la zomwe chikanatiuza latayika, ndipo ine ndemwe kaphale kaja ndinakatola chifukwa makina anali atayimirira kumbuyo kwanga. Aphunzitsi nawo atha kutenga ana kukayenda ola limodzi kuseri kwa sukulu ndi tepi ndi kope, ana amaona msanga kuposa ife. Inunso atolankhani mukamalemba za milandu ya malire muzifunsako kuti pansipo panali chizindikiro chanji ndipo chinapita kuti.

Sabata yatha ndinapitanso pamalo paja chakumadzulo. Patsala kachigawo kochepa pomwe panali chitsa chachikulu chomwe makina anachilephera, mwina mapazi asanu ndi limodzi, ndipo chitsacho chaphukanso. Ndinayeza ndi tepi yanga yakale nkulemba mu kope, kenaka nditaima pamwamba dzuwa likulowa ndinaona kamzere kotuwa kakudutsa pa dothi lofiira losalazidwa lija, kakukhotakhota momwe munkapita ngalande mpaka kukafika kumtsinje. Ndajambulanso kameneko mvula isanabwere, ndipo mtolankhani wanu akafuna kudzaona ndidzamuperekeza.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzi yanu, yemwe kale ankagwira ntchito ndi opima malo